MSEU WOSAONEKA WA PA SHIMABALA UFUNA AMISIRI A M'DZIKO MUNO

Aliyense amene anayendapo ulendo wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue adziwa malo ochedwa Shimabala. Kuyambira m'caka ca 2017 galimoto zimaima pamenepo kulipira msonkho wa mseu, umene umasonkhanitsidwa ndi bungwe la Boma la National Road Fund Agency. Koma mseu wa tara si wokhawo umene umapita m'dera limeneli. Muli njanji imene inaoloka mtsinje wa Kafue mu 1906. Muli mipope yotenga madzi a mumtsinjewo kupita nao ku Lusaka. Muli nthambo zikuluzikulu za magetsi. Kuonjezera pa zonsezi muli mseu wina umene maso saupenya, woyendamo mau a pa lamya, makalata a pa kompyuta ndi ndalama zotumizidwa pa foni. Akatswiri amaucha netiweki, ndiko kunena ukonde wa nthambo, nsanja ndi makina olumikizana.

Mseu wa tara ukakumbika, dzenje limaonekera kwa onse, ndipo anthu amadziwa kokadandaula. Mseu wosaonekawu ukaduka, mlimi amangoona kuti foni yace yakhala cete, mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu alephera kulandira ndalama imene mwana wace watumiza, ndipo wa sitolo ya feteleza auza anthu amene ayenda mtunda wautali kuti akabwerenso mawa. Ambiri amangoti ndi tsoka la tsikulo. Koma nthawi zambiri si tsoka ai. Netiweki iriyonse inayamba yalembedwa papepala ndi munthu, monga momwe nyumba ya njerwa imayambira pa pulani. Kulimba kwace kapena kufooka kwace kunagamulidwa tsiku limene munthuyo anakhala pansi ndi colembera, zaka zingapo nthambo isanaduke.

Ici ndico cifukwa cace anyamata ndi atsikana amene masana amagwira nchito m'makampani a lamya, m'mabanki ndi m'maofesi a Boma, ndipo usiku amawerenga kukonzekera mayeso a ukatswiri wa netiweki, ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi madotolo ndi alangizi a zaulimi monga cuma ca mtundu wonse. Dziko logula makina kunja silinalakwe, pakuti ndi maiko owerengeka okha amene amawapanga. Koma dziko logulanso kunja nzeru ya kayalidwe ka makinawo lasungitsa makiyi a nyumba yace m'thumba la mlendo. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Zambia ifuna ana ace amene angalembe okha pulani ya mseu wosaonekawu, ndi kuilemba poganizira nthaka, mvula, magetsi ndi thumba la munthu wa kuno.

Wina angafunse kuti nkhani ya makompyuta imkhudza bwanji munthu wa khasu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu oposa mamiliyoni 19, ndipo oposa theka amakhala kumidzi. Mu 2015 Boma linayamba kuyesa, m'maboma 13, kupereka feteleza ndi mbeu za FISP kudzera pa khadi, ndipo mu 2017 njirayi inafalitsidwa m'dziko lonse. Alimi amene anaima pa mizere caka cimeneco akumbukira makadi ocedwa kutsegulidwa ndi makina a m'masitolo olephera kulankhulana ndi banki. Mvula siidikira kompyuta. Feteleza wofika cimanga citayamba kale kucita cikasu ndi ndalama yotayika. Cotero kufooka kwa netiweki kumathera m'nkhokwe, ndipo njala yace imagwera anthu amene sanaonepo n'komwe cipinda cimene makinawo amakhalamo.

Manetiweki ali a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba ndi wa bungwe limodzi, wotumikira anchito ace okha. Malo olipirira msonkho wa mseu ndi citsanzo cabwino. Kacipinda kali konse kali ndi makina olemba galimoto imene yapita ndi ndalama imene yalipidwa, ndipo zolembedwazo ziyenera kufika ku likulu zosasinthidwa ndi dzanja la munthu panjira. Cimodzimodzi fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito ku Kafue mu 1970, kapena cipatala ca Boma, kapena banki ya nthambi zambiri. Netiweki yotere iri ngati tinjira ta pa famu: kena kopita ku khola, kena ku nkhokwe, kena ku dimba. Mwini famu ndiye agamula amene aloledwa kufika ku nkhokwe ndi amene ayenera kuthera pa cipata.

Mtundu waciwiri ndi wa makampani olumikiza anthu onse, monga Zamtel, MTN, Airtel ndi Liquid, ndiponso ZESCO imene inakoloweka nthambo za faiba pa zitsulo zace zonyamula magetsi. Faiba ndi ulusi wa galasi wopyapyala ngati tsitsi, umene mau amayendamo mwa kuwala. Uwu ndiwo mseu waukulu, wonyamula katundu wa anthu zikwizikwi amene sadziwana ndipo sayenera kuonerana katundu. Uthenga uli wonse umadulidwa kukhala timitolo ting'onoting'ono, kamtolo kali konse ndi keyala yace. Pa mphambano iriyonse pamakhala makina ochedwa rauta, amene amawerenga keyalayo ndi kusankha njira. Makampani osiyana amauzana malo amene angathe kufikitsako katundu, monga momwe anyamata a pa siteshoni amaitanira mabasi, potsata lamulo la BGP limene linalembedwa koyamba mu 1989. Woitanira akalakwa, apaulendo amasocera. Mu Febuluwale 2008 kampani ya lamya ya ku Pakistan inalengeza molakwa kuti njira ya ku YouTube iri kwa iyo, ndipo kwa maola pafupifupi awiri anthu a m'maiko ambiri analephera kufikako.

Kulumikiza makina ndi nchito imodzi, kulemba pulani ndi nchito ina. Wolumikiza amafunsa kuti nthambo iyi ilowe pati. Wolemba pulani amafunsa mafunso otsogola. Kodi netiwekiyi idzatumikira yani, ndipo anthuwo adzakhala angati pakapita zaka khumi? Katundu akaculuka mseu n'kucepa, ndi uti ayenera kuyamba kupita: liu la namwino woitana ambulansi, kapena kanema wa munthu woseweretsa foni? Wakuba angalowere pati? Mwini nchito ali ndi ndalama zingati, ndipo adzampeza kuti munthu wokonza makinawo akaonongeka? Funso lalikulu koposa onse ndi ili: cosayembekezeka cikacitika, n'ciani cidzatsale ciri kugwira nchito? Mmisiri amene sanafunse funso limeneli wamanga nyumba ya cirimwe, imene idzayamba kudontha pa mvula yoyamba.

Osaka mbewa adziwa kuti mbewa siikhulupirira khomo limodzi. Imakumba una wace ndi kusiya mbuli, kakhomo kobisika kothawirapo khasu likafika. Nzeru yaikulu ya pulani ya netiweki yagona pomwepo: malo ali onse ofunika akhale ndi njira ziwiri zosadalirana. Mau akuti zosadalirana ndiwo abvuta. Kummwera kwa tauni ya Kafue mseu umaoloka mtsinje pa mlatho, ndipo patsogolo pang'ono, pa Turnpike, umagawika: wina upita ku Chirundu, wina ku Livingstone. Bungwe lingagule nthambo ziwiri kwa makampani awiri ndi kugona tulo tabwino, osadziwa kuti zonse ziwiri zagona mu ngalande imodzi kapena zaoloka pa mlatho umodzi. Cimakina cimodzi cokumba mseu cingadule zonse ziwiri m'kamphindi. Buku lolembedwa ku America silinganene pamene nthambo inaolokera Kafue. Angadziwe ndi yekhayo amene anapondapo ndi mapazi ace.

Phunziro limeneli Zambia inaliphunzira ndi misozi makompyuta asanafale. Pa nthawi ya ufulu mu 1964, pafupifupi katundu yense wa dziko lino, mkuwa ndi mafuta omwe, anali kuyenda pa njanji imodzi yopita kummwera, yomweyi imene imapita m'dera la Kafue. Ian Smith atalengeza ufulu wosabvomerezeka wa Rhodesia mu Novembala 1965, ndiponso atatseka malire mu Januwale 1973, dziko linaona tanthauzo la kukhala ndi khomo limodzi. Yankho la Boma la a Kenneth Kaunda linali kutsegula makomo ena: mpope wa mafuta wa TAZAMA mu 1968, siteshoni ya Mwembeshi mu 1974 yolankhulira ndi maiko akutali kudzera pa setilaiti, ndi njanji ya TAZARA imene inatha kumangidwa mu 1975. Wophunzira amene awerenga za njira yaciwiri m'mabuku a netiweki awerenga mbiri ya dziko lace m'mau ena.

Lero nkhani ndi yomweyo. Zambia iribe nyanja ya mcere, tsono mau ace opita kunja ayenera kudutsa m'maiko oyandikana nayo, monga Tanzania, Namibia, Botswana ndi Zimbabwe, kuti akafike pa nthambo zoyalidwa pansi pa nyanja. Nthambo zimenezo nazonso zimaduka. Mu Marici 2024 zinai zinaonongeka nthawi imodzi kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire. Pa 12 Meyi caka comweco zina ziwiri, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo kwa masiku angapo intaneti inabvuta ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Kenya. Pa tsiku lotere kampani imene mmisiri wace anagula njira ya kum'mawa ndi ya kumadzulo yomwe imangocedwa pang'ono, pamene imene inadalira gombe limodzi imakhala cete. Makina onse awiri anagula ofanana. Cosiyana ndi mutu wa amene anawayala.

Palinso bvuto limene mabuku a kunja sakambapo kweni kweni, ndilo la magetsi. Ngakhale kuti siteshoni yatsopano ya Kafue Gorge Lower, ya mphamvu ya mamegawati 750, inatsirizidwa mu 2023, cilala ca caka cotsatira cinacepetsa madzi m'madamu. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo cakumapeto kwa cakaco madera ambiri anali kuona magetsi kwa maola owerengeka okha pa tsiku. Nsanja ya foni iribe phindu ikazima. Cotero mmisiri wa kuno ayenera kuwerengera mabatire, mafuta a jenereta ndi mphamvu ya dzuwa asanayambe n'komwe kusankha makina. Ayenera kudziwa kuti mseu wa ku nsanja yakuti sungapitike mu Febuluwale. Ayenera kukumbukira mphezi, fumbi, ciswe ndi moto wa m'chire. Mafunso amenewa sapezeka pa mayeso a ku Ulaya, koma ndiwo amene mudzi udzamfunsa.

Kodi ana a dziko lino angaithe nchito yotere? Mbiri iyankha. Mu 1964 nzika za Zambia zimene zinali ndi digiri zinali pafupifupi 100 cabe, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Patapita zaka 28, mu Novembala 1994, yunivesite yomweyo inalumikiza dziko lino ku intaneti kudzera m'kampani yace ya ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kucita zimenezi. Koleji ya ku Ndola, imene inayamba monga sukulu ya anchito a positi ndi lamya, yaphunzitsa mibadwo ya amisiri. Mu 2013 msonkhano waukulu wa amisiri a intaneti a mu Africa yense unacitikira mu Lusaka. Mbeu iripo, ndipo inamera kale. Amene acepa ndi amisiri a pamwamba penipeni, amene kampani ingawapatse pepala losalembapo ndi kuwauza kuti alembe netiweki ya dziko lonse.

Njira imodzi yokwerera pamwambapo ndi mayeso amene makampani opanga makina anakhazikitsa. Ochuka koposa ndi a Cisco, kampani ya ku America. Wophunzira amayambira pa setifiketi ya CCNA, n'kukwera pa CCNP, ndipo pamwamba pali CCIE, imene inayamba mu 1993. Kuti munthu aipate ayenera kupambana mayeso olemba, kenaka mayeso a manja a maola asanu ndi atatu. Mu 2020 mayeso a manjawo anagawidwa pawiri: maola atatu a kulingalira pulani, ndi maola asanu a kumanga, kuyendetsa ndi kukonza netiweki. Pali nthambi ya manetiweki a mabungwe ndi nthambi ya manetiweki a makampani a lamya, pamodzi ndi zina. Ambiri amalephera ulendo woyamba. Ndipo wopambana sapuma, pakuti setifiketiyo imakhala zaka zitatu zokha ngati mwiniwace saonjezera maphunziro. Makampani a Juniper ndi Huawei naonso ali ndi mayeso ao a ukatswiri, JNCIE ndi HCIE.

Mu 2008 Cisco inayamba kuyesa anthu pa setifiketi ina, CCDE, ya olemba mapulani okhaokha. Pa mayeso ace a tsiku lathunthu munthu sagwira nthambo ngakhale imodzi. Amapatsidwa makalata ndi zithunzi za makampani ongopeka: ina yagula inzace ndipo manetiweki awiri ayenera kuphatikizidwa, ina ifuna kukula koma ndalama ziri zocepa. Iye ayenera kupeza cimene mwini kampani afunadi, kusiya mau opanda nchito, ndi kusankha njira imene angaiikire kumbuyo. Nthawi zambiri palibe yankho lopanda cilema. Pali kusankha pakati pa kulimba, kuphweka ndi mtengo. Mlimi amene anayenerapo kugamula pakati pa kugula ng'ombe ina ndi kufolera nyumba ndi malata amvetsa bwino mayeso otere.

Mtengo wace ndi wolemera. Mu 2024 kulowa mayeso a manja kamodzi kokha kunali madola 1,600, ndiko kuti makwaca oposa 40,000 pa kasinthidwe ka ndalama ka cakaco. Food Reserve Agency inali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Tsono tsiku limodzi la mayeso linali kudya matumba oposa 120, osawerengera mayeso olemba, mabuku, ndeke ndi malo ogona, pakuti mayeso a CCIE amacitikira m'mizinda yowerengeka, monga Brussels ndi Dubai. Wolephera amalipiranso ndalama yonseyo. Mwana wa mlimi wa ku Katete kapena wa ku Shimabala, ngakhale akhale ndi mutu wakuthwa motani, sangasenze yekha katundu wotere. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe wophunzira wogwira nchito ali ndi cinthu cimodzi cimene ndalama sizingagule. Cimene wawerenga usiku amakumana naco m'mawa. Buku likamuuza kuti njira yaciwiri idzatenga katundu m'kuphethira kwa diso, nchito imamuonetsa kuti njira yaciwiriyo ndi yopapatiza ndipo imadzaza. Buku likamuonetsa pulani yokongola, mkulu wa zacuma amamuuza kuti ndalama zikwana theka lace cabe. Ndipo lero kompyuta imodzi yamphamvu ingathe kuyerekeza makina makumi angapo, mwa mapulogramu monga GNS3 ndi EVE-NG, kotero kuti wophunzira angamange dziko lonse patebulo, kuligwetsa ndi kulimanganso popanda kupweteka munthu. Buku lopanda nchito limabala munthu wa pakamwa. Nchito yopanda buku imabala munthu wobwereza zolakwa za amene anamtsogolera. Ziwirizi ziyenera kukokera pamodzi monga ng'ombe za pa goli limodzi.

Panjirayi pali maenje atatu. Loyamba ndi kukonda pepala koposa nzeru. Alipo amene amagula mafunso obedwa, n'kuwaloweza pamtima, n'kupambana mayeso olemba osamvetsa kanthu. Otere ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Amadziwika usiku umene netiweki yagwa, pamene palibe yankho lolowezedwa limene lingathandize. Olemba anthu nchito asamangoyang'ana zilembo zinai za pa pepala. Ampatse munthuyo coko, aime pa bolodi, afotokoze cimene cingacitike nthambo ya ku Kafue itaduka pa nthawi imene alimi ali kulandira feteleza. Lamulo la 2018 limene linakhazikitsa bungwe la ICTAZ linafuna kuti anchito a m'gawoli alembetsedwe ndi kusunga mwambo. Bungwelo liyenera kuona cinyengo ca pa setifiketi monga mlandu waukulu.

Dzenje laciwiri ndi kuiwala mwini mayeso. Kampani yopereka setifiketi ndi yomweyonso yogulitsa makina, ndipo palibe wogulitsa amene amanyoza katundu wace. Mmisiri weniweni aphunzire malamulo a pa maziko, amene ndi a anthu onse ndipo amalembedwa poyera ndi bungwe la IETF, kuti athe kugwira makina a ku America ndi a ku China mofanana, ndi kuuza bwana wace mosaopa kuti cinthu cakuti n'codula popanda cifukwa. Dzenje lacitatu ndi kuyesera nzeru yatsopano pa netiweki imene anthu ali kuigwiritsa nchito. Pa 4 Okutobala 2021 lamulo limodzi lolakwika, loperekedwa pa nthawi yokonza makina, linazimitsa Facebook, WhatsApp ndi Instagram pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Ngati zinatero pa kampani ya akatswiri zikwi, wophunzira wa caka caciwiri asayese n'komwe. Wophunzira kuyendetsa galimoto sayambira pa basi yodzaza anthu.

Tsono aliyense ali ndi gawo lace. Makampani ndi maofesi a Boma apatse anchito ao nthawi yowerenga ndi kuwalipirira mayeso, mwa pangano lakuti wopambana adzatumikira zaka zakutizakuti. Ena amaopa kuti akamphunzitsa munthu adzawathawa. Mantha amenewo ali ndi maziko, pakuti amisiri otere amafunidwa ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku London, ndipo lero angagwirire nchito kampani ya kunja ali khale m'nyumba zao mu Lusaka. Koma kumsunga munthu mu umbuli si mankhwala. Mankhwala ace ndi malipiro oyenera ndi nchito yolemekezeka. Mmisiri amene amatumidwa kukanyamula makwerero pamene alendo akhala m'cipinda kulemba pulani adzacoka ndithu, ngakhale malipiro akhale abwino.

Boma liri nazo kale zida m'manja. Kuyambira mu 2017 olemba anthu nchito amapereka msonkho wa maphunziro a luso, ngwee 50 pa K100 iriyonse ya malipiro. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira acinyamata maphunziro a luso. Bungwe la ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, liri ndi thumba lofikitsira lamya kumidzi. Kacigawo kakang'ono ka ndalama zimenezi kangamange zipinda zophunziriramo, zokhala ndi magetsi a dzuwa, m'makoleji a m'zigawo zonse. Koposa apo, pangano liri lonse limene Boma lisaina ndi kampani ya kunja linene kuti amisiri a kuno adzakhala pa tebulo la pulani kuyambira tsiku loyamba, ndi kuti mapu onse ndi mau onse acinsinsi otsegulira makina adzatsala m'dziko muno. Mu 2010 magawo 75 mwa 100 a Zamtel anagulitsidwa kwa kampani ya ku Libya ya LAP Green, ndipo mu 2012 Boma linawatenganso. Eni amasintha, koma nthambo zimatsala m'nthaka, ndipo zifuna munthu wozidziwa amene sadzakwera ndeke pangano likatha.

Makolo naonso ali ndi mbali. Mwana amene wakhala pa kompyuta mpaka tambala woyamba si nthawi zonse ali kusewera. Ndipo nchito imeneyi siifuna nyonga za mapewa, tsono palibe cifukwa cobwezera mtsikana kumphika pamene mlongo wace apita ku koleji. Mafumu ndi anyakwawa acenjeze anthu ao kuti nthambo ya faiba iribe mkuwa, ndipo woidula sadzagulitsa kanthu. Wangotsekera mudzi wace womwe njira ya ku cipatala. Okumba mcenga ndi ophwanya miyala, amene ndi ambiri m'dera la Shimabala, alemekeze zizindikiro zoikidwa m'mbali mwa mseu. Woba batire kapena mbale ya sola pa nsanja wabera mai amene adzafuna ambulansi usiku womwewo.

Iye amene adzapambana akumbukire kuti setifiketi ndi khasu, si cimanga. Mtengo wace udzaoneka pa munda umene walimidwa. Amene anakwera pothandizidwa atembenuke ndi kugwira dzanja la amene ali m'mbuyo. Aphunzitse ena Loweruka limodzi pa mwezi. Alembe zimene wacita, kuti womlowa m'malo asayambire mumdima. Polemba pulani asayambire pa masitolo akuluakulu a mu Lusaka ndi kuthera pomwepo. Kubwera kwa 5G mu 2022 ndi kwa Starlink mu 2023 sikunacotse kufunika kwace. Kwangoonjeza njira zimene ziyenera kulukidwa pamodzi ndi munthu wodziwa kuluka.

M'badwo wa 1964 unalandira dziko la khomo limodzi ndipo unasiya dziko la makomo ambiri. Unatero cifukwa unatumiza ana ace kusukulu ndi kuwakhulupirira atabwerako. M'badwo uno walandira mseu watsopano, umene feteleza, mankhwala, malipiro ndi maphunziro a ana ziyendamo. Makina ace adzapitiriza kucokera kutsidya la nyanja kwa zaka zambiri. Koma pulani yace ilembedwe ndi dzanja la munthu wodziwa kumene Kafue amasefukira, mwezi umene mseu umatsekeka, ndi mtengo wa thumba la cimanga. Ufulu umene unapezeka pa 24 Okutobala 1964 uyenera kufikanso pa tebulo limenelo.